Tsiku limene amuna anga anafika pa maliro awo

Ena munena kuti ndikucheza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe kwathu ku Nkopola, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira ndimaseka.

Chinali chaka chija cha namondwe, mwana wathu akadali wakhanda. Amuna anga, omwe ndi msodzi, anali panyanja ndi anzawo pamene chimphepo chinayamba. Magetsi anazima, netiweki inasowa, ndipo ine, munthu woti mwana akangoyetsemula ndayamba kale kuganiza za chipatala, ndinkangozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Netiweki itabwerera m'mawa mwake, choyamba kuona pagulu lathu la pafoni la amayi a kutchalitchi chinali chithunzi cha boti lathu litagadabuzika m'bango. Ndikanalisokoneza bwanji, poti utoto wobiriwirawo ndinasankha ndine? Pansi pake wina anali atalemba kale kuti mizimu yawo iuse mumtendere, ena n'kumangotumiza paliponse.

Pofika masana mabenchi anali atabwera, masamba aikidwa pamsewu, amayi akuimba, ine ndili gone pamphasa. Ndi sukulu yanga yonse ya kukoleji, sindinafunse n'komwe kuti waona mtembo ndani.

Mwadzidzidzi kunja kunabuka chipwirikiti, amayi akuluakulu kulumpha mabenchi, apongozi anga aamuna kuthawa opanda nsapato. Kani amuna anga anali atatsika pa kabaza pamasamba paja monga mwa mwambo, chipewa chili m'manja, akufunsa mwaulemu kuti watisiya ndani. Ine nditatuluka n'kuwaona, ndinawauza kuti asandiyandikire, ayambe atchula dzina la mwana. Iwo anati mafunso a kalasi ndisunge, munthu wagona ndi njala, kodi mpunga ukununkhirawo ndi wa ndani? Apo ndinadziwa kuti ndi iwo, mzukwa sungadandaule choncho.

Anatifotokozera kuti anakocheza ku Malindi mphepo isanakule, boti linadula chingwe lokha, mafoni awo atatha moto. Mpunga wa pamaliro tinadya ndi nthungululu, mwini maliro akuwonjezera kawiri.

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti chithunzi chimaonetsa boti, sichionetsa munthu. Abale anga, pakagwa ngozi chala chisamathamange. Yambani mwafunsa amene waona ndi maso, chifukwa chimene mukutumizacho akachitsegule ndi mkazi wa munthu, mwana ali kubere.