Abambo ayamba kuthamanga

Mwaswera bwanji nonse? Imvani za abambo lero.

Paja kuchipatala anawauza kuti BP yakwera, azithamangako m'mawa uliwonse. Ndiye lero ndinawaperekeza, atavala nsapato zija munawatumizira achimwene. Tinatsika phiri bwinobwino, n'kulowa kanjira ka m'mbali mwa ngalande yopita kumadimba.

Dimba loyamba lomwe, abambo anaima n'kuvula chipewa: "Mwadzuka bwanji aNachisale? Nanga mwendo uja?" Nditati tiyeni, anandiyang'ana amvekere, "Iwe, ndimudutse munthu ngati ndine galu?" Pa dimba lachiwiri anachita kukhala pansi, kumva za maliro a ku Mayani. Pa lachitatu anawapatsa chimanga chootcha, n'kudya chonse.

Tinanyamuka 6 koloko, tabwerako 10, pa kabaza, kabichi awiri ali m'manja. Thukuta lokha lomwe ndaliona lero ndi la wakabaza pokwera chitunda.

Tikuseka, koma BP ija ine ikundiopsa. Tiwapezere njira iti yopanda owadziwa? Ine ndinati ya m'mbali mwa manda, koma amayi akuti kumeneko ndiye kuli anzawo ambiri.