Galimoto Imene Sinatsokomole pa Chitunda

Amuna anga ankadziwa galimoto ndi khutu. Injini ikalira kuseri kwa phiri ankaimika khasu, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi, kenako n'kunena kuti, "Imeneyo ndi lole ya feteleza, koma pulagi imodzi yafa." Ine zinkandinyansa. Tili pakati pa mzere, dzuwa likukwera, munthu wamkulu waima chilili akumvetsera zitsulo za eni ake. Ndinkawauza kuti akanangokwatira injini, bwenzi ikuwaphikira ndi kuwachapira.

Umakaniko anauphunzira ali mnyamata pa mishoni ya Kasina, kenako anabwera chikamwini kwathu, kumapiri a ku Lobi. Galimoto yawoyawo analibe, ngakhale njinga inali yobwereka. Chuma chawo chinali masipanala okulungidwa m'chiguduli, ndipo chigayo chikafa kapena lole ikatitimira anthu ankathamangira kwathu.

Tsoka linalowa ndi lole ina imene inafera pamsewu wathu nthawi ya dzinja. Iwo anaikonza monga ankachitira ndi ina iliyonse, osafunsa za katundu. Patapita masabata tinamva kuti pansi pa tenti panali anthu othawira kutsidya kwa malire. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo ngakhale pamaliro unkayamba waona amene wakhala naye pamphasa usanatsegule pakamwa. Wina anakawanena kuboma. Kuyambira pamenepo amuna anga anakhala munthu wofunidwa, ndipo ine ndinkadzuka tsiku lililonse ndi funso limodzi, ngati dzuwa lilowe ali pakhomo.

Galimoto yotenga anthu tonse tinkaidziwa. Inali yakuda, yaikulu, ya msana wozungulira ngati kamba, ndi nyali ziwiri kutsogolo. Dzina sitinkaitchula, tinkangoti "ija". Amene walowamo sankabwerera msanga, ena sankabwerera n'komwe. Koma inali ndi chilema chake. Pochokera kumtsinje pali chitunda chachitali, ndipo pakati pake dalaivala ankayenera kusintha giya. Pamenepo inkatsokomola, n'kubangula, kenako n'kuyamba kukwawa. Amuna anga ndiwo anaphunzitsa mudzi wonse chifuwa chimenecho. Munthu akachimva anali ndi nthawi yotsikira kukhwawa n'kulowa m'minda ya kutsidya isanafike pamtengo wa mkuyu.

Zinatheka kangapo konse. Inkatsokomola, iwo n'kuzemba, ine n'kugwada pabwalo ndi kuuza azibambo a majekete otsika m'galimotoyo kuti bambo apita kwawo kukaona matenda. Madzulo ankatulukira thalauza yodzaza chisoso, akuseka. "Kilachi yawo ikutha," ankatero. "Akanabwera nayo mwaulemu ndikanawakonzera." Ine mtima uli m'malere tsiku lonse, iwo akumvera chisoni kilachi! Ndinkawapatsa madzi osamba osawayankhula.

Tsiku limene anapita kunacha ndi nkhungu, ndipo kutayera tinali m'munda wa nyemba wa m'mphepete mwa msewu. Tinamva kulira kwachilendo kuchokera kumtsinje, kwapansipansi, kosadukiza, kumene umakumva m'chifuwa kusanafike m'khutu. Iwo anaweramuka.

"Masilinda asanu ndi atatu," ananong'ona. Anamvetseranso, maso ali gwa kuchitunda. "Mayi, mwamva? Sinasinthe giya. Yakwera chitunda chonse chija osasintha giya!"

"Bambo, tiyeni kukhwawa," ndinatero.

"Si ija iyi. Ija ndimaidziwa ngati mwana wanga. Awa ndi alendo, mwina akuluakulu a mpingo."

Mudzi wonse unaganiza chimodzimodzi. Palibe amene anathawa, amayi anatuluka m'makhitchini akupukuta manja, ana akuithamangira pambuyo ndi chimwemwe. Tinali titaphunzira kuopa chifuwa ndi mtundu wakuda, ndipo iyi inalibe zonse ziwiri.

Inatulukira pamkuyu pang'onopang'ono. Sindinaonepo galimoto yotero, ndipo ndinene zoona, inali yokongola. Inali yoyera ngati mkaka, yaitali, yotsika, yotambalala moti udzu wa mbali zonse za msewu unkaikhula m'nthiti. Msana wozungulira uja panalibe, paliponse panali powongoka ngati tebulo. Kutsogolo inali ndi nyali zinayi ndi zitsulo zonyezimira ngati mano. Inadzaima pafupi ndi ife, injini ikungopuma, osanjenjemera.

Dalaivala anatsika, mnyamata waulemu wake, n'kuvula chipewa. "Muli bwanji, bambo? Tamva kuti kuno kuli amakaniko."

"Ndine ndemwe, achimwene," anayankha amuna anga, atafika kale pamsewu. "Yavuta chiyani?"

"Palibe chavuta. Mungoiona."

Anatsegula boneti. Amuna anga anasuzumira mmenemo ngati munthu woona mwana wobadwa kumene. Anawerenga mapulagi ndi chala, anagwira mapaipi, anafunsa za mafuta amene imamwa. Dalaivala uja ankayankha monyadira. Anati pamsewu wa tala wopita ku Lilongwe palibe imene ingaipitirire, ukangoponda pang'ono imakukankhira kumpando. Kenako anawonjeza mawu amene mpaka lero amandizizira m'mafupa. "Yakuda ija anaipumitsa. Iyi ndi mtundu womwewo, angoiumba mwatsopano."

Amuna anga anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Manja awo anakhalabe pachitsulo chofunda chija. Nditacheuka ndinapeza kuti azibambo awiri atsika kale kumpando wakumbuyo, ndipo mmodzi waima pakanjira kopita kukhwawa, akuyatsa fodya. Ana aja anali atabalalika.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti amuna anga anapitiriza kufunsa. Mawu awo sananjenjemere, ndipo sikunali kunamizira kulimba mtima ayi, ankafunadi kudziwa.

"Nanga pachitunda paja munatani, achimwene?"

"Imasintha yokha magiya, bambo. Taonani, zopondera ndi ziwiri basi, kilachi mulibe. Chiwongolero mutha kuchitembenuza ndi chala chimodzi."

"Yokha?" anatero amuna anga, akupukusa mutu. "Koma anthu ali ndi nzeru."

Bambo wosuta fodya uja anatsegula chitseko chakumbuyo. "Lowani muimve, bambo. Tingofika patchalitchi apo."

Tonse tinkadziwa kuti si zoona. Ine ndinali nditagwada m'mphepete mwa msewu, nyemba zili m'chitenje. Amuna anga anayang'ana mkati, anaona mipando yofewa ndi kapeti wofiira pansi, kenako anayang'ana mapazi awo. Anabwerera pang'ono n'kupukuta matope paudzu, phazi lina kenako linzake, kuti asadetse galimoto ya eni ake. Atatero analowa. Chitseko chinatsekeka mofewa koma molemera, osati phwa ngati cha lole.

Chifukwa cha kutalika kwake, galimotoyo inavutika kutembenuka pamsewu wathu wopapatiza. Inapita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, ndipo pomaliza inadutsa pafupi kwambiri ndi pamene ndinagwada. Amuna anga anali kumbali yanga. Anandiyang'ana kudzera pagalasi, ndipo ndinaona phewa lawo likugwedezeka, dzanja likufufuza pachitseko, m'munsi, m'mwamba, m'munsinso. Ankafuna chopukusira choti atsitse galasi. Sanachipeze. Anayandikitsa nkhope n'kuyamba kuyankhula, milomo ikuyenda msangamsanga, mpweya wawo ukuchita nkhungu pagalasipo. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Galimoto inatsetsereka kumtsinje, ndipo posakhalitsa ngakhale kulira kwake kunazimirira.

Ndinapita kuboma ku Dedza ndi atsibweni anga. Kulikonse ankatiyang'ana ngati tayankhula chilankhulo chachilendo, ena n'kutilangiza mwakachetechete kuti tibwerere tikalere ana. Maliro sitinalire, chifukwa kulira kukanakhala kunena kuti boma lapha munthu. Sitinamete. Bambo mfumu anandiuza mwachisoni kuti sangachite Misa ya akufa pa munthu amene palibe waona mtembo wake, choncho ankangowatchula pamodzi ndi odwala ndi a paulendo. Abale awo sanathe kundisudzula. Ndinakalamba ndili mkazi wa munthu wa paulendo.

Patapita zaka, zinthu zitasintha, ndinakwera matola ndi dalaivala wina wachikulire amene anagwirapo ntchito m'boma. Ndinamufunsa za galimoto zoyera zija, ngati nkhani wamba. Anaziyamikira kwambiri. Ndiye ndinafunsa za magalasi. Iye anaseka n'kunena kuti mtundu watsopanowo unalibe zopukusira, magalasi ankatsika ndi magetsi, ndipo dalaivala anali ndi batani lake lotsekera onse akumbuyo. Ndinathokoza, n'kutsika pasiteji yomwe sinali yanga, ndipo ndinakhala pamwala nthawi yaitali.

Milomo ija ndakhala ndikuiwerenga moyo wanga wonse. Ana ali aang'ono ndinkawauza kuti bambo awo anati muzimvera mayi anu. Zaka za njala ndinkati anandiuza kuti ndisagulitse munda. Masiku ena, ndikakhala ndekha, ndimalola kuti anali mawu amene mwamuna wa kwathu kuno sanena pagulu. Koma ndinakhala nawo munthu uja, ndimawadziwa bwino. N'kutheka ndithu kuti ankandiuza kuti mkatimo simumveka mabampu.

Ngakhale zikanakhala zimenezo, ndikanakonda kuzimva.