Akukukalipiranibe pa telefoni, mano

Mano, achimwene anga, telefoni yanu ndimaitchajabe. Lero pafika uthenga wa munthu wosamudziwa: "Programa yanu ya matenda a ng'ombe ikungozima yokha. Mukonza liti, aulesi inu?" Sakudziwa kuti tinakuikani m'manda chaka chatha. Ndakumbuka tsiku lija ku Chiputo mutakwera pachulu kusaka rede, netiweki ya telefoni, mvula ikuwaza, kuti mukonze vuto ngati lomweli. Ndinakuzazirani kuti mukudzivutitsa ndi anthu osathokoza. Munangoseka: "Mlongo wanga, titabwerera kuchokera ku Zambia tinamwa chitsime chokumba ena. Ichi ndakumba ndine, chikachita matope ndiyang'ane kumbali?"

Ndamuyankha kuti programayo munaisiya yotsekula, aliyense wodziwa angathe kuikonza. Wangowerenga. Pachulu paja pamera udzu, mano. Palibe akukwerapo.