Mnzanga wa "Zikhala Bwino"

Ku koleji ya zauphunzitsi ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wa ku Dedza amene yankho lake pa chilichonse linali limodzi: "Zikhala bwino, aise." Ukalephera mayeso, zikhala bwino. Madzi akasiya kutuluka pampopi, zikhala bwino. Ankanditopetsa kwabasi.

Chaka china Shire atasefukira, amayi anandiimbira foni kuchokera kwathu ku Nsanje kuti chimanga chonse chapita ndi madzi, ndipo khoma limodzi la nyumba lagwa. Nditamuuza, anangondigwira paphewa. "Ingoganiza zabwino, aise."

"Maganizo abwinowo amadyedwa?" ndinamukalipira. "Unayamba waonapo matope ofika m'chiuno iwe?"

Tinatha masiku osalankhulana. Koma tsiku lotsekera sukulu ndinangomupeza atakhala kale mu minibasi ya ku Nsanje, chikwama chili pamiyendo. Tisanafike n'komwe pa Ngabu malaya ake anali atanyoweratu ndi thukuta, koma ankaumirirabe kuti kutentha koteroko n'kwabwino m'thupi. Ndinkalakalaka kondakitala atamutsitsa.

Titafika kwathu n'kuona matope ali tho m'nyumba, iye anangopempha fosholo. Tinachotsa matopewo mpaka manja ake anatuluka matuza, udzudzu ukumudya miyendo. Amayi anamupatsa madzi akumwa n'kumuthokoza m'Chisena, "Takhuta, mwananga."

Iye anamwa, n'kuyang'ana khoma lakugwalo. "Amayi, musadandaule, izi ndi zazing'ono."

Ndinatuluka panja kuopa kumutukwana pamaso pa amayi. Mpaka lero ndiye mnzanga wapamtima, koma akandiimbira foni ndili pamavuto, ndimayamba ndapuma kaye ndisanayankhe.