Chipinda cha Zikupizo ku Al Hilal

Hawa wa ku Ulongwe anakula akudziwa chinthu chimodzi chokhudza anthu olemera: m'nyumba mwawo simulephera kukhala chipinda chokhoma. Ndiye atayamba ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal, mumzinda wa Doha, n'kupeza chitseko chomwe kiyi wake madamu ankayenda naye m'khosi, anangoti mumtima, ehe, si izi nanga.

Tsiku lina anasuzumira madamu akulowa. Munali mozizira ngati ku mochale, makatani otseka, ndipo m'makabati agalasi munali zikupizo zokhazokha. Zina za nthenga, zina za minyanga ya njovu, zina zojambulidwa azungu ovala madiresi otukumuka. Madamu ankazigwira atavala magolovesi oyera, uku akung'ung'udza chapansipansi.

Hawa anakafunsa Overton, dalaivala wa pakhomopo, Mmalawi mnzake.

"Ndi ma-antique, achemwali. Akuti mafumu a ku Ulaya ankapatsana ngati ma-gift."

"Kutentha konseku, munawaonapo madamu akudzikupiza nazo?"

"Wallah, ayi."

"Ndiye n'zantchito yanji?"

Overton anangoseka. Amuna akakhuta saonanso kanthu.

Mantha enieni anabwera madamu atamva kuti Hawa ali ndi mng'ono wake, Jamila, yemwe anamaliza Fomu 4 n'kumangogulitsa zitumbuwa pamsewu. Jamilayo anali atamutopetsa mkulu wake pafoni kuti amupezere ntchito.

"Mubweretse, visa ndilipira ine," anatero madamu. Kenako anafunsa, "Manja ake ndi ang'onoang'ono? Sanjenjemera?"

Hawa analingalira msanga. Wofuna wantchito amafunsa ngati munthu amatha kuchapa, osati kukula kwa manja. Mwana wa mayi ake akathere m'chipinda chozizira chija? Anawanamiza madamu kuti Jamila ali ndi pakati. Kwa Jamila ananena kuti madamu asintha maganizo.

M'malo mwake kunabwera mtsikana wa ku Philippines. Hawa ankamuyang'anitsitsa m'mawa uliwonse, kudikira kuti ayambe kuwonda kapena kubwebweta. Mtsikanayo ankangonenepa. Ntchito yake inali kupukuta zikupizo ndi kaburashi kofewa ali khale pampando, pomwe Hawa ankakolopa masitepe. Zikupizo zitatengedwa kukaonetsedwa ku hotela ina ku West Bay, mtsikanayo anapita nawo, atatchena suti.

Overton, yemwe pakamwa pake sipasunga kanthu, anafotokozera mkazi wake ku Balaka, ndipo nkhani sinachedwe kufika ku Ulongwe. Jamila anatumiza mawu pafoni.

"Achemwali, akuti ndili ndi pakati ine? Mukanangonena kuti mukufuna kudya nokha. Musandiimbirenso."

Zinamupweteka Hawa, analira ali chiimire kukhitchini. Mpaka lero amaumirira kuti mankhwala okhwimira chuma amachedwa kugwira, ndipo mwina amakhulupiriradi. Koma akaimba, foni ya Jamila imangoitana mpaka kuduka yokha.