Mbali Yakumanzere

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinagwira wodi yonse ndekha, odwala atagona mpaka pansi, magolovesi atatha. Anamwino anzanga anali atapita kale ku Mangalande mmodzimmodzi. Nditawauza amayi kwathu ku Ntcheu, sanakane. Anangoti ndisakaiwale kupereka moni, chifukwa munthu wopanda moni alibe kwawo. Ndinaseka, ndimvekere amenewo ndi malangizo a mwana wa sitandade wani.

Ntchito ndinaipeza pachipatala china ku Romford, dera lina la mumzinda wa London. Loweruka lililonse ndinkagula khadi la foni pamsika kuti ndiimbe kumudzi. Ndalama ndinkatumiza, zithunzi ndinkatumiza, koma za kusungulumwa sindinkanena. Kumeneko umakwera basi imodzi ndi munthu chaka chathunthu osadziwa dzina lake, ndipo ine ndinazolowera.

M'chaka chachitatu ndinapita kukayezetsa magalasi, n'kubwerako ndi kalata yokaonana ndi dokotala wa maso. Anapeza khansa mkati mwa diso lakumanzere, yotchedwa melanoma. Dokotala anati matendawa sagwiragwira anthu akuda, ine mumtima ndinati ndiye mwayi wanga ndi woopsa. Anandisokerera kachitsulo konga batani kuseri kwa diso, kotulutsa cheza chowotcha chotupacho, ndipo patapita masiku angapo anakachotsa. Chotupa chinafota. Diso linatsala, looneka bwinobwino ngati linzake.

Anandichenjeza kuti chezacho chimapweteka mochedwa. Ndinamva, poti ndine namwino, koma sindinakhulupirire. Patatha chaka ndi theka kunabwera ng'ala, anaichotsa. Kenako timitsempha ta mkati tinayamba kuchucha, ndipo kuwala kunachepa pang'onopang'ono mpaka mbali yonse yakumanzere inazima. Diso linkauma n'kumanyerenyesa, mankhwala odonthezera sankachoka m'thumba. Kawiri pachaka ankandiunika chiwindi, chifukwa khansa imeneyi ikafuna kubwerera imakonda kutulukira kumeneko. Masiku odikira zotsatira ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinkadikira ndekha.

Amene ankadziwa ndi Misozi yekha, mnzanga wa ku Chipata amene tinkagwira naye ntchito. Anandiona ndikuthira tiyi pambali pa kapu.

"Iwe, uzabisa kufika liti? Uwauze amai ako. Apointimenti iliyonse uyenda weka monga ulibe banja."

Ndinamuuza kuti amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi. Ine amene ndinapita kudziko la madokotala kukathandiza abale, ndibwereko ndi diso limodzi?

Ndinafika kumudzi patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Lamlungu loyamba, popita kutchalitchi, ndinadutsa pakhomo pa azakhali anga a Nachisale, alongo awo a malemu bambo. Anali pakhonde, kumanzere kwa njira, ndipo akuti anaimika dzanja. Ine ndinangodutsa, khosi lili njo. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti wa ku London sapereka moni. Chitenje chimene ndinawagulira azakhaliwo anachibweza chili chipindire. Ndinalira, komabe za diso sindinaulule.

M'mawa mwake amayi anati tiye kwa azakhali ako. Tili m'njira anazungulira n'kubwera kumanzere kwanga, nandigwira pachigongono. Titayenda pang'ono anandinong'oneza: "A Phiri akubwera panjinga mbali ino, pereka moni." Ndinapereka. Kenako ndinaima.

"Amayi, mwadziwa bwanji?"

"Zithunzi zako zija. Zaka zitatu zonsezi umayang'ana chammbali ngati nkhuku. Ndimadikira kuti unene wekha."

Kwa azakhali ndinagwada pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira kachitsulo kaja mpaka za chiwindi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha, loti ankandidikirira kuchipatala ndani. Ndinati panalibe.

"Za moni zatha," anatero. "Koma kudwala mobisa ngati ife tinafa tonse, chimenecho chindiwawa mpaka kumanda. Mutu umodzi susenza denga, mwana wa achimwene."

Anatuma amayi kuti chitenje chija chibwerere.

Masabata atatu amene ndinatsala nawo, palibe anandifunsa za diso. Ndinangoona kuti anthu asintha kayendedwe. Wokumana nane ankawolokera kumanja, amayi akumpingo ankatsokomola akadali patali, ndipo kutchalitchi ndinapeza malo anga atasamutsidwira kukhoma lakumanzere. Ku Romford ndinagwira ntchito pakati pa madokotala zaka zonsezo, ndipo kupatula Misozi palibe anaona kanthu.

Lero ndikadali ku London, diso lija silinabwerere. Koma ndikatuluka kounikidwa chiwindi, ndisanakwere basi, ndimaimba kumudzi. Foni imayankhidwa isanaitane kawiri, ndipo ndimamva azakhali chapatali akufunsa kuti akuti bwanji.