Jombo za Malemu Achemwali

Alamu anga a Eckhard Tiedemann mphuno yawo inafa kalekale. Zaka makumi atatu ndi zinayi zimene anagwira pafakitale ya shuga, mbali yotenthera laimu, zinawasiya osamva fungo lililonse. Mkaka ukasasa iwo ankangomwa. Tsiku lina mbatatesi zinapserera pamoto, utsi uli tolotolo m'khitchini, iwo ali phee pampando kuwerenga nyuzipepala. Ndiye mumve kuti munthu ameneyu ndi amene anakwatira achemwali anga a Gerlinde, mayi amene moyo wawo wonse unathera pa mphuno za agalu.

Kwathu kuno minda ikakololedwa n'kugaulidwa, Loweruka lililonse m'mawa timakhala kumunda ndi agalu athu. Si agalu osaka nyama, si apolisinso, ndi omwewa ogona pa sofa. Wina amaponda njira m'munda, kukhota apa ndi apo, n'kumataya tizinthu timene wasunga m'thumba mwake: kachikopa, kathabwa, kansalu, tosaposa chala. Pakapita maola atatu galu amabwera, mwini wake ali kumbuyo, kumapeto kwa chingwe cha mamita khumi, n'kulondola njirayo ndi mphuno basi. Akapeza kanthu amagona pansi, kanthuko kali pakati pa miyendo yakutsogolo, ndipo mwini wake amakatola n'kukakweza m'mwamba kuti woweruza aone. Ineyo ndaponda njira za agalu a eni kwa zaka makumi awiri, mpaka maondo akulira ngati chitseko chakale.

Pa zonsezi ntchito ya a Eckhard inali kuyendetsa galimoto ndi kulondera fulasiki ya khofi. Ankaima m'mphepete mwa munda, kutsegula wailesi, n'kumadya masangweji amene akazi awo anadzikonzera.

"Alamu, tatsikani mudzaone galu wanu akugwira ntchito," ndinkawaputa.

"Ndaona kale, mayi. Akuyenda chowerama ngati munthu wataya makiyi."

"Inu mphuno yanuyo ndi yongokolekapo magalasi."

"Eya, n'chifukwa chake zophika zanu ndimadya osadandaula."

Galuyo anali Motte, wamkazi, wakuda, waubweya wambiri, khutu limodzi logwa. A Gerlinde anakamutenga ali kamwana kumalo osungirako agalu osowa eni. Achemwali ana analibe, ndipo sindibisa, galuyo ankamusamala kuposa mmene ankandisamalira ine mng'ono wawo. Mayeso ang'onoang'ono onse Motte anakhoza. Anatsala amodzi, aakulu aja, amene njira yake imapondedwa ndi mlendo, kenako munthu wachiwiri n'kudzaidula chopingasa kuti asokeretse galu. Galu wodziwa amanunkhiza njira yosokeretsayo n'kuisiya, kupitiriza yake. Kawiri konse anayesa, kawiri konse zinakanika. Koyamba gwape anadzambatuka m'tchire pamaso pake penipeni, kachiwiri mvula inatsuka munda wonse. M'kabuku ka Motte, mmene oweruza amalemba zotsatira, munali mizere iwiri yolephera. A Gerlinde ankakatsegula, kupukusa mutu, n'kukatseka.

"Kachitatu tikhoza," ankatero. "Galu wamkota sakandira pachabe."

Kachitatuko sanakaone. Khansa inapezeka mu Novembala, ndipo mu Febuluwale tinawaika m'manda, nthaka ili gwa ndi chisanu.

Motte anasiya kugwedeza mchira. Kudya ankadya, pang'ono, koma tsiku lonse ankangogona pakhomo, mphuno ili pampata wa pansi pa chitseko. A Eckhard sankalira pamaso pa anthu. Analongedza zovala za malemu m'matumba n'kubwera nazo kwanga. Pamwamba panali jombo za achemwali zakumunda, zobiriwira, zaubweya m'kati, zomangidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki.

"Phazi lanu ndi lake n'limodzi," anatero, maso ali kumbali.

Sindinathe ngakhale kumasula mfundo yake. Ndinakaziponya kuchipinda chapansi, kuseri kwa mabotolo a jamu, n'kutseka chitseko.

Mu Epulo, tili kumunda, ndinangoona galimoto ya a Eckhard ikuima pamalo ake akale. Koma ulendo uno chitseko chinatseguka. Anatsika atanyamula chingwe cha a Gerlinde, chitakulungidwa mosokonekera ngati munthu wanyamula matumbo.

"Alamu, mwasokera kodi? Wailesi ili m'galimotomo."

"Ndipondereni njira."

"Inuyo? Simudziwa n'komwe mbali yomangira galu."

"Ndiye mundiphunzitse. M'kabukumu mwatsala mzere wachitatu."

Iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Motte anali ndi zisanu ndi zinayi, chiuno chitayamba kale kukana. Dokotala wa ziweto anali atanena kuti galuyu kumunda watsala ndi nyengo imodzi yokha. Tonse tinkadziwa kuti mayeso a mu Okutobala chaka chimenecho akapita, palibenso ena.

Ndinawaphunzitsa, ndipo sindinawanyengerere. Ine pakamwa panga mpoipa, aliyense kuno amadziwa. Chingwe chinkawakulunga miyendo. Tsiku lina anagwera m'ngalande, galu n'kuima kuwayang'ana ngati akuchita nawo manyazi. Vuto lawo lalikulu linali kukoka. Akangoganiza kuti njira yakhotera kumanja, dzanja linkayamba lokha kumukokera galu kumeneko.

"Siyani chingwecho!" ndinkakuwa mpaka akhwangwala kuuluka. "Mulibe mphuno inu! Achemwali ankati chiyani? Kutsutsa galu n'kukumba. Mwakumba pati inu?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Simunamve. Wotsogolera ndi iye. Inu ndinu katundu wongomangirira kumbuyo."

Ankangopukuta magalasi n'kuyambiranso. Pofika Ogasiti dzanja lawo linafewa, ndipo anaphunzira kuwerenga msana wa galu, makutu, mchira. Ndinaona ndekha kuti munthu wopanda mphuno ali ndi ubwino wake, sayerekeza kudziwa. Motte naye ankagwira ntchito yake bwino, koma mchira uli pansi, ngati munthu amene akungokwaniritsa lamulo. Njira zosokeretsa zonse za chaka chimenecho ndinkaponda ndine, ndipo fungo langa ankalidumpha osatembenuka n'komwe.

Mayeso anali Loweruka lomaliza la Okutobala. Mvula inali itagwa sabata yonse, ndipo tsikulo kunacha nkhungu. Ndikumwa khofi, wapampando wa gulu lathu anandiimbira foni kuti amene amayenera kuponda njira zosokeretsa wadzuka msana utagwira, ndithamange. Kuyang'ana jombo zanga, yakumanzere yang'ambika kuchidendene. Ndinatsikira kuchipinda chapansi, kung'amba pepala lija, kuvala, ulendo. Ine amene ndimakalipira anthu obwera kumunda atadzola mafuta onunkhira. Zaka makumi awiri m'minda imeneyi, koma tsiku limenelo mutu sunagwire. Ndinkangoganiza za mapazi ouma.

Ndinadula njira zonse za tsikulo m'munda wa tirigu wongomera, ya Motte kukhala yomaliza. Kenako ndinakakhala pa kampando kanga kuseri kwa mpanda wa zitsamba, kumapeto kwa munda, kumene ife oponda timabisala kuti agalu asatione. Panali kampata koti n'kuonera.

Anabwera chakumasana, a Eckhard atavala jekete yawo yakutchalitchi, ngati munthu wopanda nzeru, woweruza akuwatsata patali ndi kabuku kake.

"Saka!" a Eckhard analamula galu.

Motte anatsitsa mphuno n'kuyamba. Sindinamuonepo akugwira choncho. Pokhota poyamba anakhota ngati pajambulidwa mzere. Anagona pa kachikopa, a Eckhard n'kukakweza m'mwamba, woweruza n'kukweza dzanja kuti waona. Anagona pa kathabwa, chimodzimodzi. Kansalu, chimodzimodzi. Ine kuseri kwa mpanda ndinkangonong'ona kuti achemwali, kodi mukuona? Anali atadutsa theka la njira, malikisi ali ochuluka, pamene anafika pomwe ine ndinadula.

Anaima. Mphuno inalowa m'dothi, n'kukhala momwemo. Kenako mchira unayamba, kunsonga kokha, kenako wonse, kenako chiuno chonse chodwala chija chinayamba kuvina. Analira kamawu kakang'ono kamene ndinkakadziwa bwino, kamene ankalira a Gerlinde akamaika kiyi pachitseko. Anatembenuka n'kulowa njira yanga.

Apo m'pamene ndinayang'ana mapazi anga. Jombo za achemwali.

Chingwe chinakungika, a Eckhard ataima. Kungochikoka pang'ono chabe galu akanabwerera, woweruza akanadula malikisi ochepa, ndipo otsalawo akanakwana. Iwo ankadziwa zimenezo, ndinawaphunzitsa ndine.

"Bambo Tiedemann," woweruza anaitana, mawu ake akumveka bwino m'nkhungumo, "galu akatalikira njira kuposa chingwe chimodzi, mayeso athera pomwepo."

Ndinkafuna kukuwa kuti kokani, alamu, lero lokha kokani! Koma iwo sankayang'ana woweruza, sankayang'ananso njira. Ankayang'ana mchira uja, umene sunagwedezeke kuyambira Febuluwale. Anaponda phazi limodzi, kenako lina, n'kumutsatira.

"Basi, zathera pamenepo," anatero woweruza.

Sanacheuke. Galu wokalamba wa chiuno chakufa ankathamanga, akukoka nkhalamba ya jekete yakutchalitchi m'matope, molunjika kwa ine. Ndinalibe kothawira.

Anatulukira pampanda n'kugwera pa jombo zija, kuzinyambita, kulira, kudzigubuduza. Kenako mphuno inayamba kukwera. Msongolo, bondo, chikhoti, mpaka anandiyang'ana kumaso. Mchira unayamba kuchepa mphamvu, n'kuima. Anazungulira kumbuyo kwanga, ananunkhiza pansi pa kampando, analowetsa mutu m'zitsamba, kufuna mwini wake wa jombozo. Ndaona maliro ambiri ine, koma chimenecho chinandipweteka kuposa tsiku la manda lija. Atamusowa, anabwerera, n'kugona pansi mwaulemu wake wonse, mapazi anga ali pakati pa miyendo yake yakutsogolo, monga anaphunzitsidwira.

A Eckhard anafika ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo. Anayang'ana galu, anayang'ana jombo.

"Alamu, ndakulakwirani," ndinatero, misozi ikutsika. "Zanga zinang'ambika, ndinali pachangu, sindinaganize. Nditukwaneni, chonde."

"Vulani imodzi."

"Mwati chiyani?"

"Galu wapeza. Vulani, mayi, musamudikiritse."

Ndinavula yakumanja, n'kuima ndi sokosi m'matope ozizira. Iwo anawerama, kuitola, kutembenukira kumunda, n'kuikweza m'mwamba mmene dzanja lawo lingafikire. Woweruza anali patali, akungooneka mbuu. Anaima kanthawi, kenako anakweza dzanja lake.

"Wachita bwino, mtsikana," a Eckhard anauza galu, akumusisita khutu logwa lija. "Wachita bwino."

Madzulo ake m'kanyumba ka gulu lathu anthu ankamwa supu wa nsawawa ndi soseji. Woweruza analemba mzere wachitatu m'kabuku ka Motte, wofanana ndi iwiri ija. Wapampando anati cholakwa n'cha ife okonza, choncho alembera akuluakulu kuti galu apatsidwe mwayi wina chisanu chisanagwe. Ine ndinavomereza mokweza kuposa onse.

"Abwereze chiyani?" anafunsa a Eckhard. "Walakwa pati?"

Anaika kabukuko m'thumba la jekete, kutenga jombo zonse ziwiri, ine n'kupita kwathu ndi nsapato zobwereka. Sanandikalipirepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Akanakalipa bwenzi zitandipepukira.

Jombozo anakaziika pakhomo, pomwe Motte ankagona. Galuyo anasiya kudikira pampata wa chitseko, n'kumagona atatsamira pa izo. Kumunda sanapitenso. Mu Malichi, chipale chofewa chikusungunuka, a Eckhard anadzuka m'mawa n'kumupeza atauma pomwepo.

Masiku ano amabwerabe kumunda Loweruka. Amaima pamalo awo akale ndi fulasiki, wailesi ili chete, n'kumathirira khofi aliyense wobwera kumene ndi kagalu kake. Akaona wina akukoka chingwe amatsitsa galasi la galimoto n'kukuwa kuti siya chingwecho iwe, wotsogolera ndi iye.

Sabata yatha ndinawapititsira keke ya maapozi. Ndinawapeza m'khitchini, jombo imodzi ili pamiyendo pawo. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anandipatsa.

"Galu amene ankandiuza uja anapita," anatero. "Inu muli ndi mphuno, alamu. Kodi achemwali anu akumvekabe?"

Ndinalowetsa mphuno m'jombomo n'kukoka mpweya nthawi yaitali. Munkamveka labala, matope ouma, ndi galu.

"Eya, alamu," ndinatero. "Akumveka ndithu."